Kufunsira viza muli ku Lilongwe: zoyenera kuchita kuyambira pa pasipoti mpaka pachipata

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza achibale, anzanga akuntchito ndi akumpingo kulemba mafomu a viza, ndipo mwa amene ndidawaona akubwezedwa, ambiri adagwa chifukwa mapepala awo ankanena nkhani ziwiri kapena zitatu zosiyana. Munthu amene amawerenga fomu yanu ku ofesi ya kazembe sakukudziwani, sadafikeko kwanu ku Kawale kapena ku Area 25, ndipo ali ndi mphindi zochepa zoti aone ngati zimene mwalembazo zili zoona komanso ngati mudzabwerera kuno nthawi yanu ikadzatha. Ntchito yanu yonse ndi yomuthandiza kuona zimenezo mosavutikira, ndipo malangizo otsatirawa atsamira pamenepo.

Musanalipire ngakhale tambala imodzi, yambani mwadziwa ngati dziko limene mukupitalo limafuna viza kwa munthu wa pasipoti ya Malawi. Ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania ndi Botswana Mmalawi amalowa popanda viza akamapita kukacheza kwa nthawi yochepa, ndipo ku South Africa amapatsidwa masiku 30 pachipata pomwepo. Ufulu umenewu ndi wa mlendo wokacheza basi. Wofuna kukagwira ntchito kapena kukaphunzira ku Joni ayenera kutenga viza yake adakali kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa mu Lilongwe muno, chifukwa malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu 2014 salola kuti munthu wolowa ngati mlendo asinthe n'kukhala wantchito ali m'dzikomo kale. Malamulo omwewo amati wopitiriza nthawi yake ndi masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza ndi masiku oposa 30 aletsedwe kwa zaka zisanu. Anyamata ambiri amene amakwera mabasi odzera ku Dedza, Tete ndi Nyamapanda amazitenga mopepuka zimenezi, koma chiletso chimene amapatsidwa pa Beitbridge pobwerera chimawatsata ngakhale pamene adzafunsire viza ya dziko lina, popeza mafomu ambiri amafunsa ngati munthu adaphwanyapo malamulo otere kwina kulikonse.

Ku United Kingdom, America, Canada ndi kumayiko 29 a ku Ulaya amene ali m'mgwirizano wa Schengen, viza ndi yofunika ngakhale ulendo utakhala wa masiku awiri. Dziwani kuti United Kingdom ndi Ireland sali mu Schengen, choncho viza ya ku Germany kapena ku France siikulowetsani ku London kapena ku Dublin. Za America ziyenera kunenedwa pazokha, chifukwa zasintha kwambiri posachedwapa. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, Amalawi ndi anthu a ku Zambia adakhala oyamba kulamulidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 asanapatsidwe viza yokacheza kapena ya malonda, ndalama imene imabwezedwa munthu akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Donald Trump lidaika Malawi pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zidaimitsidwa kupatsidwa maviza okacheza, a sukulu ndi okakhazikika kuyambira pa 1 Januwale 2026, kupatula magulu ochepa a anthu. Aliyense woganiza za ulendo wa ku America ayambe wawerenga zimene zalembedwa patsamba la ofesi ya kazembe wawo tsiku lomwelo, asanataye ndalama pa fomu.

Mukadziwa kuti viza ikufunika, sankhani mtundu wogwirizana ndi cholinga chenicheni cha ulendo wanu. Pali yokacheza, ya sukulu, ya ntchito ndi yokakhala ndi banja, ndipo iliyonse ili ndi zoyenereza zake. Anthu ena amafunsira yokacheza pomwe mumtima akufuna kukagwira ntchito, poganiza kuti zina akaziona akafika. Viza yokacheza siilola ntchito yolipidwa, ndipo munthu wogwidwa akugwira ntchito amabwezedwa kwawo ndi mbiri yoipa imene imamutsekera makomo kwa zaka zambiri.

Chachiwiri ndi pasipoti. Itulutseni m'sutikesi lero lomwe n'kuona tsiku lotha ntchito. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala, pomwe a Schengen amafuna kuti ikhale yotengedwa m'zaka khumi zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzatuluke ku Ulaya. Kenaka iyikeni patebulo pamodzi ndi chitupa cha unzika, satifiketi ya kubadwa, ya ukwati ndi za sukulu, n'kuwerenga dzina ndi tsiku lobadwa papepala lililonse, chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno n'zofala kupeza dzina limodzi litalembedwa ndi L pa satifiketi ya MSCE koma ndi R mu pasipoti, kapena chaka chobadwa chitachepetsedwa nthawi yolembetsa mayeso a Sitandade 8. Kwa ife zimenezi ndi zazing'ono, koma kwa wowerenga wa ku ofesi ya kazembe amenewo ndi anthu awiri. Pamene pali kusiyana, konzetsani ku NRB kapena ku nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, kapena lumbirani pamaso pa loya kapena majisitireti kuti mayina onsewo ndi anu, ndipo kalata ya lumbirolo ipite limodzi ndi mapepala enawo. Ngati pasipoti ikufunika yatsopano, pitani nokha ku ofesi ndipo mulipire kumene mwauzidwa n'kulandira lisiti la boma. Madobadoba amene amakuchingamirani panja ndi lonjezo lofulumizitsa zinthu sangakupatseni chimene ofesiyo siingakupatseni.

Gawo limene limagwetsa anthu ambiri ndi la ndalama, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Ofesi ya kazembe imafuna sitetimenti ya kubanki, kawirikawiri ya miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, yokhala ndi chidindo cha banki. Ambiri amaganiza kuti chimene chimayang'anidwa ndi nambala ya pamapeto, koma wowerengayo amatsata mzere ndi mzere kuti aone kumene ndalama zimachokera ndi mmene zimatulukira. Mlamu wanga, mphunzitsi wa kupulayimale, adaitanidwa ndi mwana wake ku mwambo womaliza maphunziro ku Mangalande. Pochita manyazi ndi malipiro awo, adabwereka mamiliyoni angapo kwa achimwene awo ochita malonda a zitsulo n'kuika mu akaunti kutatsala masiku anayi kuti atenge sitetimenti. Pepalalo ndidaliona ndi maso anga: malipiro ankalowa kumapeto kwa mwezi uliwonse n'kutha pasanapite milungu iwiri, kenaka pamzere wotsiriza padatulukira ndalama yaikulu yopanda mwini. Kalata yowakana idatchula ndalama yomweyo, kuti sadakhutire kuti ndi yawo. Ulendo wachiwiri adapereka sitetimenti yawo yeniyeni, mapepala a malipiro, kalata ya akuluakulu awo yosonyeza masiku a tchuthi, ndi kalata ya mwana wawo yonena kuti tikiti, chakudya ndi malo ogona alipira ndi iye, pamodzi ndi sitetimenti yake ya kumeneko. Viza idatuluka, koma mwambowo udali utapita kale.

Choncho ngati wina akukulipirirani ulendo, nenani momwemo ndipo mupereke umboni wa ndalama zake ndi wa ubale wanu. Ngati mu akaunti mwalowa ndalama yaikulu yoona, ifotokozeni ndi pepala: mlimi amene wagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo aphatikize mapepala a malonda akewo, amene wagulitsa poloti kapena galimoto aphatikize kalata ya mgwirizano wogulitsirana, ndipo wopuma pantchito aphatikize kalata ya ndalama zake za penshoni. Amayi ndi abambo ochita geni, amene ndalama zawo zimazungulira pa Airtel Money, pa Mpamba ndi ku banki mkhonde, ali ndi vuto lakuti chuma chawo n'chenicheni koma sichioneka papepala limene kazembe amalikhulupirira. Munthu wotere ayambe kudutsitsa ndalama za malonda ake mu akaunti ya kubanki miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo asunge satifiketi yolembetsera bizinesi ndi malisiti a msonkho a ku MRA. Wofunsira viza ya sukulu ya ku United Kingdom adziwenso kuti ndalama zofunikazo ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi.

Pambali pa ndalama, sonkhanitsani umboni wa zimene zikukumangani kuno kwathu. Kalata ya kuntchito itchule udindo wanu, chaka chimene mudayamba, malipiro, masiku a tchuthi ndi tsiku lobwerera pantchito, ndipo ikhale ndi nambala ya foni imene munthu angayankhe, chifukwa nthawi zina amaimbadi. Mapepala a nyumba kapena a malo, satifiketi za kubadwa za ana ndi ya ukwati zimathandizanso. Amene ukwati wawo ndi wa chinkhoswe chokha alibe pepala loonetsa, choncho ngati akufuna kukakhala kunja ngati banja ayambe alembetsa ukwatiwo kuboma nthawi idakalipo. Kalata yokuitanani ikhale yachindunji: woitanayo anene dzina lake, adiresi, ubale wanu, masiku a ulendo ndi amene adzalipire, ndipo aphatikize chithunzi cha pasipoti yake ndi chilolezo chake chokhalira m'dzikomo. Masiku a m'kalatayi akhale omwewo amene ali pa kalata ya tchuthi ndi pa fomu.

Wopita kukakhalitsa ali ndi mapepala owonjezera amene amatenga nthawi, ndipo ndi bwino kuwayamba msanga. Mayiko ambiri amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, imene mumaipeza mutadinda zala, ndipo kuno ku Lilongwe nkhani zake zimathera kulikulu la polisi ku Area 30. Wopita ku United Kingdom kwa nthawi yoposa miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu cha TB pachipatala chimene boma la dzikolo lidachivomereza, ndipo satifiketi yochokera kuchipatala china chilichonse, ngakhale chikhale chotchuka bwanji, siilandiridwa. Wa sukulu amafunika nambala ya CAS yochokera ku yunivesite imene yamulandira, wa ntchito amafunika Certificate of Sponsorship yochokera kwa womulemba ntchito wovomerezeka, ndipo wofuna ntchito ku South Africa masatifiketi ake a sukulu amayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA. Apa ndi pamene akamberembere amadyera anthu. Kuyambira pa 22 Julayi 2025 United Kingdom idasiya kupereka maviza atsopano kwa anthu ochokera kunja okagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'nyumba, choncho aliyense amene akukugulitsani malo a ntchito imeneyo pa WhatsApp akugulitsa chinthu chimene kulibe. Zimene atsikana athu adakumana nazo ku Oman, atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu atalandidwa mapasipoti, zidayambanso ndi munthu wokoma pakamwa wonena kuti za viza asiyireni iyeyo. Ntchito iliyonse ya kunja muyambe mwaona mgwirizano wake wolembedwa, ndipo mukafunse ku unduna wa zantchito ngati wokutumizaniyo akudziwika.

Mapepala akakwana, lembani fomu patsamba lenileni la boma la dzikolo. La United Kingdom limathera ndi gov.uk, la America ndi state.gov ndipo fomu yake ndi DS-160, pomwe ya Schengen imapita ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Mayiko ena a ku Ulaya alibe ofesi kuno, ndipo amaimiriridwa ndi dziko lina kapena amakutumizani ku Lusaka, Harare kapena Pretoria, choncho fufuzani zimenezi poyambirira kuti ndalama ya ulendo umenewo muiwerengeretu. Ngati kompyuta simuidziwa bwino, palibe cholakwika kupempha wina kuti akutayipireni, koma khalani pambali pake, muwerenge yankho lililonse, ndipo imelo ndi nambala ya foni zikhale zanu. Ndidaonapo bambo wina amene fomu yake idalembedwa pa kompyuta ya pamalo ena olipiritsa mu Old Town, mnyamata wolembayo n'kuikapo imelo yake ndi kuyankha kuti ayi pa mafunso onse kuti athane nazo msanga. Limodzi mwa mafunsowo lidali lakuti kodi mudakanidwapo viza, pomwe bamboyo adakanidwapo kale. Zala zimene mudadinda kale zimasungidwa, ndipo mayiko ena amagawana mbiri zimenezi. Kukanidwa viza si mlandu, koma kubisa kuti mudakanidwa kumatengedwa ngati chinyengo, ndipo ku United Kingdom chinyengo chimatha kukuletsani kwa zaka khumi. Lembani pena pake nambala ya fomu yanu mukangoyamba, chifukwa magetsi kapena netiweki zikathima mungafunike kuyambiranso.

Ndalama yolipira viza siibwezedwa, mupatsidwe kapena mukanidwe. Yokacheza ku America ndi madola 185, ya Schengen ndi mayuro 90 kwa wamkulu kuyambira mu Juni 2024, ndipo yokacheza ku United Kingdom kwa miyezi isanu ndi umodzi idafika pa mapaundi 127 mu Epulo 2025. Wokakhalitsa ku United Kingdom amalipiriratu ndalama ya chipatala, mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse cha viza yake, kapena 776 ngati ali wa sukulu. Popeza ndalama zakunja zikuvuta m'dziko muno, pitani kubanki kwanu masiku angapo musanalipire, mukafunse ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja ndi malire ake, ndipo mutenge umboni wa zimene mukufuna kulipirazo. Ngati wachibale wa kunja akulipirirani ndi khadi lake, sungani lisiti. Chikole cha ku America chija chimalipidwa pokhapokha ofesala wa kazembe atakuuzani pamaso, ndipo chimapita kuboma lawo, osati kwa munthu wina aliyense. Tikiti ya ndege musagule viza isanatuluke. Kusungitsa malo n'kokwanira kumene amafuna kuona dongosolo la ulendo. A Schengen amafunanso inshuwalansi ya paulendo yokwana mayuro 30,000 yogwira ntchito m'mayiko awo onse masiku onse a ulendo.

Za nthawi, viza yokacheza ku United Kingdom mutha kuifunsira kutatsala miyezi itatu ndipo yankho limabwera pakatha pafupifupi milungu itatu kuchokera tsiku lodinda zala. Ya Schengen imalandiridwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka masiku 15 ulendo usanachitike, ndipo imaunikidwa masiku 15 koma itha kufika 45. Miyezi ya Juni mpaka Seputembala mafomu amachuluka chifukwa cha ana a sukulu, choncho wa ulendo wa nthawi imeneyo asadikire.

Tsiku lokaonekera fikani msanga, mutanyamula pasipoti, kalata yotsimikiza tsikulo, lisiti, zithunzi za kukula kumene anena, ndi mapepala enieni pamodzi ndi mafotokope ake, mutawasanja mu dongosolo la pamndandanda wawo. Kwa United Kingdom ndi Schengen nthawi zambiri mumangodinda zala, kujambulidwa ndi kusiya mapepala, ndipo anthu amene amakulandiraniwo si amene amagamula, choncho kuwadandaulira kapena kuwapatsa kangachepe sikusintha kanthu. Ku ofesi ya kazembe wa America ku City Centre kumakhala mafunso a pamaso, mafoni ndi zikwama zikuluzikulu salola kulowa nazo, ndipo kucheza konseko kumatha m'mphindi zochepa muli chiimire pawindo. Lamulo lawo, gawo 214(b), limatenga aliyense wofunsira viza yokacheza ngati wofuna kukakhazikika mpaka iye mwini atasonyeza kuti sizili choncho. Yankhani chimene mwafunsidwa, mwachidule ndi moona: mukupita kuti, kukatani, kwa masiku angati, akulipira ndani, mumagwira ntchito yanji. Mayankho oloweza pamtima amamveka, ndipo funso likabwera mwa njira ina munthu amasokonezeka. Werenganinso fomu yanu usiku wake kuti pakamwa panu pasatuluke zosiyana ndi zimene mudalemba.

Yankho likabwera lokukanani, werengani kalatayo mofatsa chifukwa imatchula chimene sadakhutire nacho. Kufunsiranso mawa lake ndi mapepala omwewo n'kungotaya ndalama. Konzani chimene chatchulidwacho, ndipo pa fomu yatsopano munene kuti mudakanidwa ndi chimene chasintha. Likabwera lokulolani, musachoke musanaone ngati dzina, nambala ya pasipoti ndi masiku zalembedwa bwino, komanso ngati viza ndi yolowa kamodzi kapena kangapo. Ya Schengen ngakhale itakhala ya chaka chathunthu imalola masiku 90 okha m'masiku 180 aliwonse, ndipo ambiri amasokoneza nthawi imene viza ikugwira ntchito ndi masiku amene aloledwa kukhala.

Pogula tikiti funsani ngati dziko limene ndege ikaimeko limafuna viza yodutsira, makamaka ngati mukasinthe ndege ku Ulaya. Ndege zambiri zochoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo amene wakhala maola oposa 12 ku Ethiopia kapena ku Kenya atha kufunsidwa kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever kumene akupitako, katemera amene amayamba kuwerengedwa pakatha masiku khumi chibayireni. Viza imakufikitsani pachipata, koma wokulowetsani ndi ofesala amene mukamupeze pamenepo, ndipo ali ndi mphamvu yokubwezani ngati mayankho anu akusiyana ndi zimene mudalemba. Kalata yokuitanani, adiresi ndi nambala ya foni ya wokulandirani, tikiti yobwerera, inshuwalansi ndi sitetimenti ya kubanki zikhale m'chikwama cha m'manja, zosindikizidwa papepala, chifukwa foni itha kuzima kapena kusowa netiweki pa nthawi imene mukuzifuna. Tsiku lotuluka m'dzikomo mulilembe poonekera ndipo munyamuke lisanakwane. Pasipoti yakale ikatha ntchito musaitaye, muisunge pamodzi ndi yatsopano, popeza zidindo zolowera ndi zotulukira zimene zili m'menemo mudzafunsidwa kuzionetsa pa fomu yotsatira.